Kalata ya Dokotala ndi Tsiku Lomwe Dokotala Palibe

M'dziko la Britain muli lamulo lomwe munthu amalikumbukira pokhapokha zinthu zikathina. Amene amadalira mankhwala tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a khunyu, a mphumu kapena a kuthamanga kwa magazi, mankhwalawo akamuthera pa nthawi yoti dokotala sangapezeke, akhoza kulowa mu famase n'kupempha kuti amupatseko popanda kalata ya dokotala. Katswiri wa mankhwala wa m'famasemo akamufunsa mafunso n'kukhutira ndi mayankho ake, lamulo limamulola kupereka. Kwa ife a kuno kunyanja, komwe makapisozi amapezeka pa benchi limodzi ndi sopo ndi machesi, nkhaniyi ikhoza kumveka yopanda mutu. Chodabwitsa n'chiyani munthu akagula mankhwala ndi ndalama zake? Koma kumeneko kupereka mankhwala otere popanda kalata ndi mlandu wa kukhoti. Chilolezo chomwe tikunenachi ndi khomo laling'ono lobooledwa pa mpanda wautali, ndipo sitingamvetse chomwe analiboolera tisanadziwe momwe mpandawo unamangidwira. Nsanamira zake zoyamba zinazikidwa ku Baghdad.

Mzinda wa Baghdad unamangidwa ndi Khalifa al-Mansur m'chaka cha 762, ndipo pofika zaka za m'ma 800 munali anthu amene ntchito yawo inali kusunga, kuyeza ndi kusakaniza mankhwala, osati kupima odwala. M'Chiarabu munthu wotere ankatchedwa saydalani. Izi zisanachitike, wochiritsa yemweyo ndiye ankapima wodwala, kusaka mankhwala ndi kuwasinja, monga amachitira asing'anga a kumudzi kufikira lero. Chomwe chinagawa ntchitoyi ndi malonda. Zombo ndi ngamila zinkabweretsa mizu, njere, utomoni ndi miyala kuchokera ku India, ku China, ku Persia ndi ku gombe la Africa, mitundu mazanamazana, moti mutu umodzi sukanatha kusenza nzeru ya matenda pamodzi ndi nzeru ya katundu yenseyo. Sabur ibn Sahl, dokotala wa ku Jundishapur amene anamwalira m'chaka cha 869, analemba buku la kasakanizidwe ka mankhwala lomwe zipatala ndi masitolo a mankhwala a ku Baghdad anakhala akuligwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali.

Kugawanaku kunabala vuto lake. Dokotala amatchula dzina la mankhwala, wogulitsa amakulunga kaphukusi, koma wodwala alibe njira yodziwira ngati zomwe zili m'kaphukusimo ndi zomwe dokotala anatchula. Ibn Abi Usaybi'a, wolemba mbiri ya madokotala amene anamwalira m'chaka cha 1270, anatisungira nkhani yosangalatsa pa mfundo imeneyi. Akuti Khalifa al-Ma'mun, amene analamulira kuyambira 813 mpaka 833, anauzidwa kuti ogulitsa mankhwala sakana kanthu: uwapemphe chilichonse, adzati chilipo. Khalifa pofuna kudzionera yekha anatenga dzina la munda wina wa pafupi ndi Baghdad, dzina losakhudzana n'komwe ndi mankhwala, n'kutuma anthu kukaligula m'masitolo osiyanasiyana. Onse anabwera ndi katundu m'manja. Wina anapatsidwa njere, wina chidutswa cha mwala, wina ubweya, ndipo ndalama zinalandiridwa popanda wochita manyazi.

Patapita zaka zochepa, mu ulamuliro wa al-Mu'tasim, mkulu wa asilikali wotchedwa al-Afshin anamva nkhaniyi kwa dokotala wake, Zakariyya al-Tayfuri, ali ku msasa wa nkhondo. Iye anatenga mayina pafupifupi 20 m'kaundula wa asilikali ake n'kuwatumiza kwa ogulitsa mankhwala a mumsasamo ngati mayina a mankhwala. Amene ananena kuti sakuwadziwa anawalola kupitiriza ntchito. Amene anakulunga maphukusi anawathamangitsa. Taonani bwino chomwe chinkayesedwa apa. Sikunali kuchuluka kwa katundu m'sitolo, ngakhale kuloweza mabuku. Wopambana anali amene anatha kunena kuti ayi ndalama ili patsogolo pake. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa tidzakumana nayonso ku London patapita zaka zoposa 1,000.

Mayeso a apo ndi apo sanali okwanira, choncho ntchito yoyang'anira inapatsidwa kwa muhtasib, mkulu amene ankayendera misika kuona miyeso, masikelo ndi ubwino wa katundu. Al-Shayzari, amene analemba malangizo a ntchitoyi m'zaka za m'ma 1100, anati katundu wa ogulitsa mankhwala aziunikidwa sabata iliyonse, ndipo anafotokoza njira zomwe achinyengo ankasakanizira opium wa ku Egypt ndi timadzi ta zomera zina, komanso momwe woyendera angazindikirire chinyengocho. Nayo kalata ya dokotala inalipo. Ibn al-Ukhuwwa wa ku Egypt, amene anamwalira m'chaka cha 1329, analemba kuti dokotala azilemba zomwe walamula wodwala n'kusiyira achibale pamaso pa mboni, tsiku ndi tsiku. Wodwala akachira, dokotala alandire malipiro ake. Akamwalira, achibale atengere mapepalawo kwa mkulu wa madokotala kuti aone ngati panali kulekerera. Apa pepala linali mboni yogwirira dokotala. Silinali kiyi wotsegulira mankhwala. Munthu ankatha kupita yekha kwa saydalani, kufotokoza vuto lake, n'kugula.

Nzeru yolekanitsa ntchito ziwirizi inaoloka nyanja ya Mediterranean. Mfumu Frederick II, imene inkalamulira Sicily, chilumba chomwe chinakhalapo m'manja mwa Asilamu, inakhazikitsa malamulo pakati pa 1231 ndi 1240 oletsa dokotala kukhala ndi sitolo ya mankhwala kapena kugawana phindu ndi wogulitsa. Ku England zinthu zinachedwa. Kumeneko ogulitsa mankhwala ndiwo anali madokotala a anthu osauka, ndipo m'chaka cha 1704 nyumba ya House of Lords inagamula, pa mlandu wa William Rose, kuti ali ndi ufulu wopima odwala ndi kuwalamula mankhwala. Kufikira pakati pa zaka za m'ma 1800, opium ankagulidwa m'magolosale ngati mchere, ndipo amayi ogwira ntchito m'mafakitale ankamwetsa makanda timadzi take kuti agone.

Mpanda wa ku Britain unamangidwa pang'onopang'ono, ndipo pafupifupi nsanamira iliyonse inazikidwa maliro atachitika. M'chaka cha 1858, mumzinda wa Bradford, wopanga maswiti wina anatuma munthu kukagula ufa woyera wa mwala wofewa, womwe ankausakaniza ndi shuga pofuna kuchepetsa ndalama zopangira. Mwini sitolo ya mankhwala anali chigonere ndi matenda, ndipo mnyamata wake anatunga mu mbiya yolakwika n'kupereka makilogalamu oposa 5 a poizoni wa arsenic. Maswitiwo anagulitsidwa pamsika. Anthu pafupifupi 20 anamwalira ndipo oposa 200 anadwala. Patatha zaka 10 panabwera lamulo la Pharmacy Act la 1868, lonena kuti poizoni wa mitundu ina azigulitsidwa ndi anthu olembetsedwa okha, ndipo woopsa kwambiri azilembedwa m'buku pamodzi ndi dzina la wogula. Ngakhale apa, kalata ya dokotala sinkafunikabe. Mlonda anali wa m'sitolo yemweyo, ndi maso ake ndi buku lake.

Kalata inasanduka kiyi pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. M'chaka cha 1916 boma, pochita mantha ndi mphekesera zoti asilikali akugwiritsa ntchito cocaine, linalamula kuti mankhwalawo asaperekedwe popanda kalata ya dokotala, ndipo lamulo la 1920 linakhazikitsa zimenezi pa morphine ndi mankhwala ena ozunguza bongo. Kenaka kunabwera penicillin. Alexander Fleming, amene anamutulukira, anachenjeza polandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1945 kuti mankhwalawa akadzayamba kugulidwa ndi aliyense m'sitolo, anthu adzamwa operewera, tizilombo tidzawazolowera, ndipo mphamvu yake idzatha. M'chaka cha 1947 penicillin anaikidwa kuseri kwa kalata. Chenjezo la Fleming ndi lomwe tikuliona ndi maso m'misika yathu, momwe munthu amagula makapisozi awiri a lero, mawa n'kusiya poti mutu waleka.

Nsanamira yaikulu koposa inazikidwa chifukwa cha thalidomide. Mankhwalawa anayamba kugulitsidwa ku Germany m'chaka cha 1957 ngati ogonetsa opanda vuto lililonse, ndipo kumeneko ankagulidwa popanda kalata. Amayi oyembekezera ankawamwa pothetsa mseru. Pomwe ankachotsedwa pamsika kumapeto kwa 1961, kuvulaza kunali kutachitika kale: ana oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana anabadwa ndi manja kapena miyendo yosakwanira. Britain inayankha ndi lamulo la Medicines Act la 1968, lomwe linagawa mankhwala m'magulu atatu: ogulitsidwa m'sitolo iliyonse, ogulitsidwa mu famase mokha katswiri akuyang'anira, ndi operekedwa pa kalata ya dokotala pokha. Kuuma kwa mpanda umenewu kunaonekera pa mlandu wa kampani ya Storkwain m'chaka cha 1986. Famase ya kampaniyo inapereka mankhwala pa makalata omwe pambuyo pake anapezeka kuti anali achinyengo. Panalibe umboni woti wopereka ankadziwa, komabe House of Lords inati mlandu ulipo, chifukwa lamulo silifunsa zomwe zinali mumtima. Katswiri aliyense wa m'famase anamva uthengawo: popanda pepala loona, manja kumbuyo.

Pamene mpandawu unkakwera, mankhwala nawo anali kusintha khalidwe, ndipo m'kuona kwanga apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ambiri mwa mankhwala a saydalani wa ku Baghdad anali a nthenda yobwera n'kupita. Munthu ankamwa masiku angapo, n'kuchira kapena kumwalira. Zaka za m'ma 1900 zinabweretsa mtundu wina: mankhwala omwe sachotsa nthenda koma amaigwira pakhosi, malinga munthu akumwa osadumphitsa. Phenobarbital anayamba kuthandiza odwala khunyu m'chaka cha 1912. Insulin anabayidwa kwa wodwala woyamba ku Toronto m'chaka cha 1922, ndipo ana amene kale shuga ankawapha m'miyezi yochepa anayamba kukula n'kukhala ndi mabanja. Aliyense amene ali ndi m'bale womwa ma ARV kapena mankhwala a BP akudziwa moyo woterewu, moyo wowerenga mapiritsi otsala. Kwa munthu wotere, kalata ya dokotala ikatha mphamvu Lachisanu madzulo, mpanda womwe unamangidwa kuti umuteteze umamutsekera kunja. Wa khunyu akadumphitsa masiku ochepa akhoza kugwa pamoto kapena m'madzi. Wa shuga wodalira insulin magazi ake amayamba kusanduka asidi, ndipo imfa sichedwa.

Kuti izi si zongoganizira tikuziona ku America. Kumeneko magulu a mankhwala a kalata ndi opanda kalata analekanitsidwa ndi lamulo la 1951, lomwe anakonza aphungu awiri, Carl Durham ndi Hubert Humphrey, onse odziwa ntchito ya m'famase. Pa tchuthi cha chaka chatsopano cha 2014, bambo wina wa zaka 36 wa m'chigawo cha Ohio anapita ku famase kukatenga insulin wake. Kalata yake inali itatha nthawi, ndipo dokotala sanapezeke pa foni chifukwa cha tchuthicho. Lamulo la chigawocho linkalola wa famase kupereka mankhwala a maola 72 okha, koma insulin amabwera m'timabotolo tomwe sungatigawe kuti tikwane masiku atatu. Bamboyo anabwerera chimanjamanja, ndipo patapita masiku ochepa anapezeka atamwalira m'nyumba mwake. Makolo ake sanakhale chete. M'mwezi wa December 2015 bwanamkubwa John Kasich anasainira lamulo lomwe likudziwika kuti Kevin's Law, lolola kupereka mankhwala ofika masiku 30 pa vuto lotere, ndipo zigawo zina zambiri zatengera chitsanzocho. Chomvetsa chisoni n'chakuti insulin analipo m'firiji, wodziwa kumupereka analipo, wodwala anali patsogolo pake. Chomwe chinasowa ndi siginecha.

Britain inali itaboola kale khomo lake m'malamulo otsatira lamulo la 1968, ndipo lero nkhaniyi ili m'malamulo a Human Medicines Regulations a 2012. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi yosavuta: dokotala yemwe amapempha wa famase, mwachitsanzo pa foni, kuti apereke mankhwala, n'kulonjeza kutumiza kalata pasanathe maola 72. Yachiwiri ndiyo yolemera, chifukwa dokotala salowamo n'komwe. Wodwala amapempha yekha, ndipo udindo wonse umagwera katswiri wa m'famase. Iye ayenera kulankhula ndi wodwalayo. Ayenera kukhutira kuti mankhwalawo akufunikadi msanga, ndi kuti kalata singapezeke popanda kuchedwa kosayenera. Ayenera kutsimikiza kuti munthuyo analamulidwapo kale mankhwala omwewo, ndi kudziwa mlingo wake. Choncho khomoli siloyambitsira mankhwala atsopano. Ndi lolumikiza chingwe chomwe chaduka pakati.

Kukula kwa khomoli kunayezedwa mosamala. Kwa zaka zambiri malire anali mankhwala a masiku 5, kenaka anawonjezedwa kufika masiku 30. Zinthu zosagawika, monga insulin, mafuta odzola ndi kachipangizo kopopera m'kamwa ka anthu a mphumu, zimaperekedwa paketi yaing'ono koposa yomwe ilipo, ndipo apa pakuoneka kuti anapewa dzenje lomwe lamulo lakale la Ohio linagweramo. Morphine wamphamvu ndi mankhwala ena a m'gulu lake sadutsa pa khomo limeneli ngakhale pang'ono, chifukwa ndiwo omwe munthu wowazolowera angawapangire nkhani yabodza. Phenobarbital ali m'gulu lotsekedwa, koma anamupatula: wa khunyu akhoza kupatsidwa wa masiku 5, poti ngozi yodumphitsa imaposa ngozi yonamizidwa. Zonse zikaperekedwa zimalembedwa m'buku, ndipo pa paketi pamamatidwa chizindikiro chonena kuti anaperekedwa mwadzidzidzi. Amene anakhalako pa mphasa ya fiqh aona okha kuti kaganizidwe aka si kachilendo, pakuti maulama akamakamba za darura samangotsegula khomo, amayezanso kuti chololedwa chifukwa cha vuto chisapitirire vutolo. Sindikunena kuti aphungu a ku London anawerenga mabuku amenewo. Anthu oganiza mofatsa akakumana ndi vuto limodzi, kawirikawiri amatulukira pa njira imodzi.

Pali mbali ina yomwe opempha saikonda: lamuloli limalola, silikakamiza. Katswiri wa m'famase akhoza kukana akaona kuti chipatala chili chitsegukire tsidya la msewu, kapena kuti munthu yemweyo amabwera mwezi ndi mwezi ndi nkhani yomweyo. Ndi pano pomwe tikukumananso ndi mayeso a al-Afshin. Boma lingathe kupereka kiyi wotere kwa munthu amene limakhulupirira kuti amatha kunena ayi, munthu wophunzitsidwa, wolembetsedwa, amene akhoza kulandidwa chiphaso chake akaseweretsa udindo. Kumene aliyense amagulitsa chilichonse kwa aliyense, nkhani ya chilolezo cha mwadzidzidzi ilibe poima, chifukwa sungaboole khomo pomwe palibe mpanda. Malawi ali nawo malamulo ake: la 1988 lomwe linakhazikitsa bungwe loyang'anira mafamase, mankhwala ndi poizoni, ndi la 2019 lomwe linabweretsa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority m'malo mwake. Koma mtunda wochokera pa lamulo lolembedwa kufika pa benchi la pamsika ndi wautali, ndipo muhtasib woyendera sabata iliyonse sitimuona kawirikawiri.

Ngakhale ku Britain khomoli linali ndi chopunthwitsa chake. Kupereka kwa mwadzidzidzi sikunali pansi pa chithandizo cha boma cha NHS, choncho wodwala ankalipira mtengo wonse wa mankhwalawo. Wopanda ndalama ankapita kukafola ku chipinda cha ngozi cha chipatala, kudikira maola ambiri pakati pa ovulala, pofuna siginecha chabe. Kumapeto kwa 2016 ku England anayamba kuyesa njira yoti munthu aimbe nambala ya 111, atumizidwe ku famase, ndipo boma lilipire monga limachitira pa kalata wamba. Njirayi inakhazikika m'chaka cha 2019, ndipo kuyambira January 2024 ili mkati mwa ndondomeko yotchedwa Pharmacy First. Malamulo a 2012 alinso ndi ndime yapadera yofewetsa zofunikira pa nthawi ya mliri, pomwe kukumana maso ndi maso kungakhale ngozi payokha.

Mabanja ambiri a kuno ali ndi ana ndi abale ku Leicester, ku London ndi ku Manchester, ndipo makolo amapita kukacheza atanyamula mankhwala a shuga kapena a BP m'chikwama. Iwowa adziwe kuti lamuloli likamanena kuti mankhwalawo akhale oti analamulidwapo kale, limatanthauza olamulidwa ndi dokotala kapena wachipatala wolembetsedwa ku Britain komweko, kapena m'mayiko a ku Ulaya omwe Britain imawavomereza. Zolembedwa m'kabuku ka kuchipatala ka ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota sizitsegula khomo limeneli, ngakhale zikhale zomveka bwino chotani. Mayi amene mapiritsi amuthera ali kwa mwana wake adzatumizidwa kwa dokotala wa kumeneko kuti akayambe kaye waonedwa. Kabukuko ndi paketi yakale azinyamulebe, chifukwa ndi zomwe dokotalayo adzawerengepo dzina la mankhwala ndi mlingo wake.